Chingwe cha Choko

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja langogona pabulangete ngati la munthu wina. Adokotala akuti ndi sitiroko, kamtsempha kena kanatsekeka m'mutu. Akuti ndinabwera Loweruka. Ine ndikukumbuka makwerero basi, kenaka denga loyera ili. BP 186/104.

Kope ili wandigulira mwana wanga wamkazi kuti ndisamangoyang'ana kudenga. Zilembo zake ngati papalasa nkhuku. Ine amene ndadya ndi kulera ana polemba zikwangwani za mashopu. Ndikamaliza kulemba ndimalibisa pansi pa pilo.

Lachitatu, 7 Meyi

Mankhwala: asipirini m'mawa, kapiritsi ka BP, kena ka mafuta a m'magazi madzulo, ndi jakisoni wapamimba. Phala limatulukira mbali yakumanja ya kamwa ine osamva. Nesi wocheperapo msinkhu kwa mwana wanga ndiye amandipukuta chibwano. Za botolo lokodzera sindilemba.

Lachisanu, 9 Meyi

Andisamutsira pabedi la pawindo, ati andikomera mtima. Akanadziwa. Tsidya la msewu kuli shopu ya buledi, ndipo pamwamba pa chitseko chake pali ntchito yanga yomaliza. Ndinalemba BULEDI bwinobwino, zofiira pa zoyera, n'kuyamba W wa WOTENTHA. Kuchokera pa W pamenepo penti yatsika mokhotakhota mpaka pafelemu ya chitseko, mmene bulashi inatsikira ndi mwini wake. Anthu anangonditola n'kuwoloka nane msewu. Tsopano ndikatsegula maso m'mawa, choyamba kuona ndi chimenecho, ndipo aliyense wodzagula buledi amachionanso.

Pabedi loyandikana nalo pali a Dalaivala. Ankayendetsa mabasi. Anathyoka fupa la m'chiuno, ndipo manja awo amanjenjemera mwakuti tiyi amafika pakamwa atatsala theka. Amakhala kunyumba ya okalamba. Pakamwa pawo palibe mabuleki.

Loweruka, 10 Meyi

BP 162/94. Adokotala alankhula mosapsatira. Mwendo ukubwerera wokha pang'onopang'ono, koma dzanja likufuna ntchito masabata oyambirira ano. Ndikalilekerera zala zipindika, ndipo zikapindika n'kuuma ndiye basi. Bambo wa mafizo wandisiyira kampira kofewa ndi mapegi oyanikira zovala, ati ndizifinya. Ndaziika mu lokala. Dzanja limene linkajambula O wozungulira bwino popanda choyezera lisewere ndi mapegi pamaso pa wodi yonse?

Mwana wanga wabwera ndi supu ndi nthochi. Wazungulirazungulira ndi nkhani, kenaka wanena. Chipinda chake chili pamwamba, masitepe ambirimbiri, iye amagwira ntchito yosinthana, ana ali pasukulu. Wandipezera malo kunyumba ya okalamba komwe kumakhala a Dalaivala. Wanena akulira. Ine ndangosenda nthochi ndi mano. Sanalakwe. Koma sindinamuuze kuti sanalakwe.

Lolemba, 12 Meyi

Kwabwera mayi wina kudzaona a Dalaivala, atanyamula chikwama chotsala pang'ono kuwaposa msinkhu. Amagwira ntchito kunyumba ya okalamba kuja, ndipo ntchito yawo ndi yopezera nkhalamba zochita ndi manja kuti zisamangowodzera tsiku lonse. Ndawapatsa dzina mumtima: Mayi Makrayoni.

Akhuthula chikwama pabedi la a Dalaivala. Zithunzi za abakha ndi maluwa zoti munthu apake mitundu, dongo la m'paketi, masiponji odula ngati masamba, mapepala ong'amba n'kumata. Akuti akusankha zoti anthu awo azichita miyezi ikubwerayi, ndipo a Dalaivala ndiwo amawayesera chilichonse chifukwa sakana kanthu. Ndimamvetsera ndikunamizira kugona. Kusankhako si kophweka, zimenezo ndivomere. Mabatani ndi mikanda anasiya chifukwa gogo wina amameza poyesa mapiritsi. Sizasi sangapatse anthu omwa mankhwala osungunula magazi. Chinthucho chizikhala chachikulu chifukwa maso ambiri ali ndi nkhungu, ndiponso chizitha tsiku lomwelo chifukwa ena pofika mawa aiwala kuti anachiyamba ndi iwo. Vuto lawo lalikulu akuti ndi azibambo. Akangoona makrayoni, onse amadwala mutu.

Kenaka atembenukira kwa ine. Amva kuti ndikubwera kwawo. Sananditchule agogo, anati bambo.

"Kodi bambo, inu munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali mlonda."

Latuluka lokha bodzalo. Ndinaona abakha aja, ndinaona dzanja langa, ndipo sindinafune kuti mayiwa adziwe kuti ziwirizi zikukumana pa munthu wodziwa bulashi. A Dalaivala asangalala, ati n'chifukwa chake ndimagona masana. Tsopano akunditchula a Londa.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndayenda kufika kuchimbudzi ndi chogwirira cha miyendo inayi, nesi ali pambali. BP 154/90.

A Dalaivala aloledwa kukhala pampando, ndipo mpandowo auika pawindo langa. Sanachedwe kuchiona.

"A Londa, taonani chikwangwani icho. Wolembayo anayamba ndi botolo asanayambe ndi bulashi. Munthu woteroyo ine sindingamupatse ngakhale kulemba nambala ya basi."

Aseka mpaka kutsokomola, wodi yonse yasuzumira pawindo. Ine ndaseka nawo. Ndawonjezeranso kuti amisiri a masiku ano ndi otero. Ndamva mawu angawo akutuluka mbali imodzi ya kamwa. Sindinamwepo mowa ndili pamakwerero chibadwire. Lero ndadzigulitsa ndekha kuti anthu aseke, wondikakamiza panalibe.

Lachinayi, 15 Meyi

Dzulo Mayi Makrayoni anandisiyira pepala la bakha ndi krayoni yaikulu yachikasu, atayikulunga nsalu kuti igwirike. Anangoika palokala osanena kanthu.

Lero masana nesi atakoka katani kuti asinthe a Dalaivala, ndinati palibe wondiona. Ndinalowetsa krayoni m'zala zamanja ndi dzanja linalo. Bakhayo ndi wamkulu, mizere yake yonenepa, mwana wa zaka zinayi akhoza kupaka ali m'tulo. Ndinauza dzanja lipite kumapiko, linapita kunja kwa pepala. Ndinaliuza libwerere, linadutsa pamutu pa bakha. Kachitatu krayoni inapulumuka n'kugubuduzikira pansi pa bedi. Ndinang'amba pepalalo ndi mano ndi dzanja lamanzere.

Katani itatseguka, mayi aja anali ataima pomwepo ndi chikwama chawo. Ndinawakalipira. Ndinawafunsa ngati akundiona ngati mwana wa mkaka, ndinati nkhalamba zawo zimakana chifukwa zili ndi nzeru, ndinati abakha awowo akawaphike. Iwo anagwada, ndi mawondo awo olirawo, n'kutola zidutswa ndi krayoni yomwe. Ataimirira anati pepani bambo, bakhayo nawonso sawasangalatsa, kungoti sanapeze china chimene dzanja lofooka lingathe koma mutu wa munthu wamkulu osachinyoza.

Kamba amanyerera amene wamtola. Chakudya chamadzulo ndabweza.

Loweruka, 17 Meyi

Bodza langa latha lero, pamaso pa anthu.

Mwana wanga anabwera ndi mazira owiritsa, n'kupeza Mayi Makrayoni akuyesa masiponji ndi a Dalaivala. A Dalaivala, pofuna kusangalatsa mlendo, anamuitanira pawindo kuti aone ntchito ya chidakwa. Ananenanso nthabwala ya botolo ija, atayikometsera. Ndinayesa kumutsinya diso mwana wanga, koma diso lakumanja silimvera, ndipo lamanzere sanaliyang'ane.

"Analemba chija ndi Ababa," anatero mwana wanga. "Anagwera pomwepo."

Siponji ya a Dalaivala inkadontha penti yobiriwira pashiti, palibe anaipukuta. Mwana wanga anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti bwanji akunditchula a Londa. Ine ndinangoti zyoli ngati galu wogwidwa ndi dzira kukamwa. Akanandikalipira zikanakhala bwino. Iye anangosenda dzira, kuliika mumbale, n'kunena kuti ali kamwana ankayenda mumsewu akuloza zikwangwani n'kumauza anzake kuti izi ndi za Ababa, izonso ndi za Ababa. Kenaka anapita nthawi yoona odwala isanathe.

Lamulungu, 18 Meyi

A Dalaivala sanalankhule tsiku lonse. Nesi wawayeza kutentha kawiri.

Lolemba, 19 Meyi

M'mawa kwabwera amuna awiri kushopu ya buledi ndi makwerero ndi makina obowolera. Akhoma chinsalu cha pulasitiki chosindikiza pamakina, chokhala ndi chithunzi cha buledi wotuluka nthunzi. Amaliza tiyi wanga asanazizire. BULEDI wanga ali kunsi kwake, W yemwe, ndi mzere wokhota uja. Ndimayesa ndipuma. Mtima wangowawa mwamtundu wina. Chinali choipa, inde, koma chinali changa.

Bambo wa mafizo watenga dzanja langa n'kulitembenuza. Zala zayamba kupindikira mkati, zikhadabo zasiya timabowo pachikhatho. Poziwongola ndinaluma mlomo. Wandifunsa za kampira ndi mapegi, ndati ndimachita. Watsegula lokala, wapeza mapegi adakali pakatoni kake. Sanandinyoze. Wangoti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo dzanjali ndi langa, si lake. Andilembera chothandizira cha pulasitiki chomangira kudzanja pogona.

Lachitatu, 21 Meyi

BP 142/86. Jakisoni wapamimba asiya. Akuti nditha kutuluka sabata yamawa.

A Dalaivala alankhula lero, akuyang'ana kudenga. Andifunsa ngati nsomba yaikulu ya siliva pashopu ya pamphambano inali yanga. Ndavomera. Nanga fungulo wa golide pa osula makiyi? Ndavomera. Akuti zaka zonse ankayendetsa basi, anthu sankatchula maina a masiteji. Ankati nditsika pansomba, nditsika pafungulo. Akuti iwo ankaima pa zikwangwani zanga kambirimbiri patsiku osadziwa kuti zili ndi mwini.

"Ndinalakwa, achimwene. Pakamwa panga mukupadziwa."

"Ndinaseka nawo ine," ndinatero. "Ndiye wolakwa ndani?"

Masana Mayi Makrayoni abwera. Za ulonda wanga sanatchule, ndipo kusatchulako kwandipweteka kuposa kutchula. Akhala pampando n'kufotokoza za khoma. Kuchipinda chodyera cha kunyumba kuja kuli khoma lalitali lopanda kanthu, ndipo akuluakulu alola kuti okhalamo alikongoletse. Iwo akuganiza zoligawa m'zigawo zikuluzikulu, aliyense adinde chigawo chake ndi siponji, mtundu umene wakonda. Zimenezo ngakhale wa maso a nkhungu angathe, ndipo azibambo sangati ndi zachibwana chifukwa ndi kupenta khoma. Koma mizere yogawira ikuwakanika. Rula ndi yaifupi, tepi imasupula penti yakale, ndipo safuna kujambula okha usiku nkhalamba n'kungodzapeza zatha, chifukwa ndiye abakha aja abweranso. Akufuna mizereyo ijambulidwe ndi eni khoma, manja onjenjemera omwewo. Andifunsa ngati pali njira.

Njira ilipo, ndipo ndinaidziwa asanamalize kufunsa. Koma ndinaona kuti ndikainena adzati tiwonetseni, ndipo kuwonetsa kumafuna manja awiri. Ndinatembenukira kukhoma, ndinati ndatopa. Anatsanzika mwaulemu.

Lachinayi, 22 Meyi

Mwana wanga wabwera, wakhala kumiyendo kwa bedi, nkhope ili yolemera. Ndamuuza kuti za nyumba ya okalamba sanalakwe. Zandituluka movutikira ngati msomali wadzimbiri. Kenaka ndamutuma kubokosi langa la zida. Pansi pa mabulashi pali chingwe chopyapyala chokulunga pakamtengo ndi chibulumwa cha choko cha buluu. Wandifunsa ngati abweretsenso mabulashi. Ndati ayi, asandifulumizitse.

Mapegi ndawachotsa pakatoni. Ndafinya limodzi pansi pa bulangete. Silinatseguke.

Loweruka, 24 Meyi

Lero ndilemba zambiri, ngakhale dzanja lamanzere likudandaula.

Chingwe cha choko chimagwira ntchito motere. Umachipaka choko, n'kuchikoka pakhoma kuchokera uku kufika uko mpaka chitalimba kuti gwa. Kenaka umachitsina pakati, kuchikokera kwa iwe pang'ono, n'kuchisiya. Chikamenya khoma chimasiya mzere wowongoka. Moyo wanga wonse mbali inayo ndinkakhomera msomali. Ndinkanyadira kuti sindifuna wondigwirira, msomali sufunsa malipiro ndipo sulankhula. Koma m'chipatala salola kukhoma misomali.

Nditawatumizira uthenga kuti njira ija ilipo, Mayi Makrayoni anabwera ndi katoni yaikulu yomwe munali furiji, atayiphwasula n'kuipaka zoyera. Ndinayamba ndi kupepesa za bakha uja. Ndinakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa okha, malovu akundisokoneza. Iwo anati zatha, n'kundifunsa kuti katoni aigwire bwanji.

Anaiimika pakhoma pakati pa mabedi athu awiri, n'kuigwira pamwamba ndi manja onse kuti isagwe. A Dalaivala anali pampando mbali iyo, ine pampando mbali ino. Mwana wanga anapaka choko pachingwe monga ndinamuuzira, zala zake zonse buluu, kenaka nesi anamuitana kuti akasaine za kutuluka kwanga. A Dalaivala anakulunga nsonga imodzi pachala n'kuikanikiza pakatoni. Dzanja lawo linkavina, chingwe chikuvina nalo. Ndinawauza akoke kwambiri, asaope. Ine ndinakoka mbali yanga ndi lamanzere. Chingwe chitalimba kunjenjemera kuja kunachepa, chifukwa dzanja lawo linapeza chotsamira.

Tsopano panafunika wotsina pakati. Ndinayang'ana Mayi Makrayoni, manja awo onse ali pakatoni. Ndinayang'ana kukhomo, mwana wanga kulibe. Odwala a mabedi a kutsidya anali atadzuka, akuonerera. Mpaka pano sindikudziwa ngati mayiwa anakonza dala kapena zinangochitika. Iwo ankangoyang'ana katoni yawo ngati munthu wosadziwa kanthu.

"Achimwene, manja atsala ndi amodzi," anatero a Dalaivala. "Fulumirani, ine mabuleki akutha."

Ndinanyamula dzanja lamanja kuyambira paphewa. Linakwera molemera, likuzendewera, anthu onse akuona. Linaphonya chingwe. Linabwerera, linaphonyanso, n'kumenya katoni. Thukuta linatsika m'khosi, ndipo ndinamva malovu akutsika pachibwano popanda dzanja lopukutira. Ndinafuna kusiya zonse ndikagone. Koma ndikanasiya, chingwe chikanagwera a Dalaivala amene anali atakoka ndi mphamvu zawo zonse, milomo ili njenjenje.

Kachitatu chala chamkombaphala chinakodwa kuseri kwa chingwe. Kutsina sindingathe, chala chachikulu sichibwera. Koma chala chopindika chija, chomwe ndakhala ndikuchibisa pansi pa bulangete, chapindika ngati mbedza. Ndinakokera chigongono kumbuyo. Chingwe chinabwera nane pang'ono, pang'ono, kenaka chinapulumuka chokha n'kumenya katoni kuti thwa. Kafumbi ka buluu kanauluka.

Titachotsa chingwe, mzere unali pomwepo, kuchokera kwa a Dalaivala kufika kwa ine. Ndinatseka diso limodzi n'kuuyang'ana cham'mbali monga ndimachitira ndi ntchito iliyonse, kufunafuna pokhota. Panalibe. Unali wowongoka ngati yonse imene ndinamenya ndili ndi manja awiri ndi msomali.

Palibe anaomba m'manja, ndipo ndikuthokoza. A Dalaivala anangoti msewu woterewu ngakhale iwo akhoza kuyendetsapo. Mayi Makrayoni anafunsa mafunso a ntchito: choko chimafufutika ndi nsalu yonyowa kodi, munthu wa pa njinga ya olumala angagwire nsonga kodi, nanga chingwe chingapweteke munthu m'maso? Ndinayankha zonse. Anati asankha chimenechi. Anthu atatu pa mzere uliwonse, awiri ogwira ndi mmodzi womenya, kenaka masiponji. Ndinati abakha asawataye, alipo ena amawakonda. Anandiyang'ana, ndipo ndinachitanso manyazi, koma pang'ono.

Tinamenya mizere ina, yopingasa ndi yoimirira. Ina ndinaphonya, wina unatuluka pawiri chifukwa a Dalaivala anayetsemula. Mwana wanga atabwerera anaima pakhomo la wodi osalowa. Sindinamuyang'ane, chifukwa maso anga anali atayamba zawo, ndipo choko sichinali chokwanira kuti ndichinamizire.

Dzanjali silinachire. Bambo wa mafizo akuti mwina bulashi yaing'ono sindidzaigwiranso, koma zala zikamagwira ntchito chotere sizingaume. Lachiwiri ndikupita kunyumba ya okalamba, ndipo ndikuopabe kulowa pakhomo paja ndi chogwirira cha miyendo inayi, anthu akundiyang'ana chibwano.

Madzulo ano nesi wabwera ndi beseni ndi kansalu kudzatipukuta tisanadye. Ndamupatsa dzanja lamanzere, wapukuta. Watambasula dzanja kuti ndimupatse linalo. Pachala chopindika chija pali kamzere ka buluu pomwe chingwe chinadutsa. Ndalilowetsa pansi pa bulangete monga ndakhala ndikuchitira chibwerere muno.

"Bambo, mukuchitabe nalo manyazi dzanjalo?" wafunsa.

"Ayi," ndatero. "Lili pa ntchito. Mulipukute mawa."